Makina a laser a pa tebulo: zimene ndinawauza alamu anga asanagule

Pa shelefu ya pamwamba pa tebulo limene ndimagwirirapo ntchito pali kachidutswa ka pulasitiki wolimba wotchedwa acrylic, koonekera ngati galasi, kukula kwake ngati chikhatho. Ndakasunga zaka zitatu. Mutakatenga n'kukayang'anitsitsa padzuwa simungapeze chilema: palibe pamene panapsa, palibe mzere, ngakhale kukandika komwe. Komatu kachidutswa kameneka kanakhala pansi pa laser, kuwala kwamphamvu kodulira ndi kuzokotera zinthu, madzulo athunthu, ine ndikuonjezera mphamvu, kuchepetsa liwiro, kubwereza mzere womwewo kakhumi. Nditakanyamula ndinapeza kuti duwa limene ndinkafuna kudula lazokoteka bwinobwino pa thabwa limene ndinayala pansi pake. Kuwala kunkangodutsa mu acrylic monga mmene dzuwa limadutsira pa zenera, n'kukawotcha thabwalo.

Ndakakumbukira kachidutswaka chifukwa sabata yatha alamu anga anandiimbira foni. Akhala akuona zimene ndimapanga ndipo akufuna makina awoawo. "Alamu," anatero, "ndapeza awiri. Ena alemba mawati 40, ena 80. Si ndingotenga a 80 basi?" Ndinawauza kuti za mawati tibwerako, ayambe andiuza kaye chimene akufuna kudula, komanso kumene utsi wake uzikatulukira. Anakhala chete. Mafunso awiriwa palibe anandifunsa ine pamene ndinkagula makina anga oyamba.

Ndimapanga tinthu ting'onoting'ono: ndolo, zokolowekamo makiyi, timatabwa ta mayina topachika pa chitseko cha chipinda cha mwana, timabokosi tolumikiza popanda msomali. Kale zonsezi ndinkadula ndi kamacheka ka manja kaja kopyapyala ngati ulusi, ndipo ndolo ziwiri zofanana ndendende zinkandidyera theka la tsiku. Ndiye nditaona makina okwana pa tebulo, odula chilichonse chimene wajambula pa kompyuta, mtima unathamanga. Chimene ndinkalakalaka koposa chinali ndolo za acrylic woonekera, zija zimanyezimira m'mphepete. Pa ntchito imeneyo ndinagula makina olakwika. Pa ntchito zina ndi abwino ndithu, moti ndikuwagwiritsabe ntchito mpaka pano.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti kuwala kumawotcha chinthu pokhapokha chinthucho chikamakuyamwa. Chikamakulola kudutsa, kapena chikamakubweza, palibe chichitike ngakhale mphamvu ichuluke bwanji. Ndipo makina a pa tebulo amene amagulitsidwa kwambiri ali m'magulu atatu, lililonse ndi kuwala kwakekwake. A diode amatulutsa kuwala kwa buluu, kumene funde lake ndi lotalika mananomita pafupifupi 450 (nanomita ndi kamuyeso kakang'onong'ono koyezera funde la kuwala). Kumeneku ndi kuwala kumene maso amaona, choncho pa chinthu choonekera chopanda mtundu, pamene diso lanu limatha kuona kuseri, nakonso kumadutsa. A CO2 amatulutsa kuwala kosaoneka, kwa mananomita 10,600, ndipo kwa kuwala kumeneku acrylic woonekera uja ali ngati khoma, amakuyamwa konse n'kusungunuka. A fiber ali pa mananomita 1,064, kuwala kumene zitsulo zimayamwa bwino. Manambala atatuwa ndi amene amanena chimene makina angadule ndi chimene sangadule. Mawati amangonena msanga wake ndi kukhuthala kwake.

Usiku umene ndinawerenga zimenezi ndinadabwa kuona kuti laser ya CO2 ndi yakalekale. Theodore Maiman anayatsa laser yoyamba mu 1960 pogwiritsa ntchito mwala wa ruby, ndipo patangopita zaka zinayi, mu 1964, Kumar Patel anapanga ya CO2 ku Bell Labs ku America. Kuwala kwa buluu kwa diode ndiko kunavuta. Kunadikira ntchito ya akatswiri a ku Japan, Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2014 chifukwa cha LED ya buluu, ndipo ma laser a diode a buluu anabadwa kuchokera ku ntchito yomweyo m'zaka za m'ma 1990. Kamutu kakang'ono kamene kamayenda pa tebulo langa ndi mdzukulu wa ntchito imeneyo. Ndikakaona kakuyenda ndimakalemekeza, ngakhale kanandikanira acrylic.

Makina a diode ali ndi ubwino wake, ndipo sindifuna kuti wina awanyoze chifukwa cha nkhani yangayi. Amazokota mtengo mokongola kwambiri, mizere yakuda bii, yoonda. Amadula pepala, katoni, nsalu ya thonje, chikopa, plywood wopyapyala ndi acrylic wakuda. Pa mwala wa slate amalemba zoyera mbee. Amatha kusiya chizindikiro pa chitsulo chosachita dzimbiri ndi pa aluminiyamu wopakidwa mtundu, ngakhale sakumba mozama. Safuna madzi, alibe timagalasi tofunika kuwongola, ndipo munthu mmodzi amawanyamula. Anga ndi a mawati 10 ndipo plywood wabwino wa mamilimita 3 amamudula pa ulendo umodzi kapena iwiri, pang'onopang'ono. Kumene amalephera ndi ku zinthu zoonekera, ndipo zoyera ndi zabuluu zimawavutanso chifukwa zimabweza kuwala kwa buluu m'malo mokuyamwa.

Patatha chaka ndi theka ndinagula a CO2 a mawati 40, otsekedwa m'bokosi lachitsulo. Tsiku limene ndinadula ndolo yoyamba ya acrylic woonekera ndinaigwira m'manja kwa nthawi yaitali. M'mphepete mwake munali mosalala ndi monyezimira ngati mwapukutidwa, chonsecho sindinakhudzemo. Ntchito imene a diode ankachita mphindi 15, awa ankamaliza ndisanakhazikike bwino pa mpando. Amazokotanso galasi. Koma ndikuuzeni zimene amabwera nazo. Kumbuyo kwawo kuli chubu chachitali chagalasi chimene chimafuna madzi oyenda nthawi zonse kuti chisatenthe, ndiye pansi pa tebulo pali chidebe cha madzi osungunulidwa ku nthunzi, pampu, ndi choyezera kutentha chimene ndimayang'ana kuti chisapitirire madigiri 25. Chubucho chimagwira ntchito ndi magetsi a mavoti masauzande ambiri, oti akhoza kupha munthu, choncho chitseko cha mbali imeneyo sindichitsegula makina ali pa magetsi. Chubucho chimatha mphamvu pakapita nthawi ndipo chimafuna kusintha. Ndiye pali timagalasi titatu tobweza kuwala kuchokera ku chubu kukafika ku lenzi. Kamodzi kakangopendekeka pang'ono, makina amadula bwino ngodya imodzi ya tebulo n'kumalephera ngodya ina. Kuwongola kwake umamata tepi ya pepala kutsogolo kwa kagalasi, kuwombera kamodzi mutu uli pafupi, kuwomberanso uli kutali, n'kumapotoza timasikuluwu mpaka madontho awiri opsawo atagwera pamodzi. Ulendo woyamba zinanditengera tsiku lonse. Pano ndi mphindi 20, koma munthu amene sakonda kugwiragwira makina ayenera kudziwiratu zimenezi. Makamaka amene akuyang'ana mtundu uja wotchuka wotchedwa K40, umene malo ake odulirapo ndi pafupifupi mamilimita 300 m'litali ndi 200 m'lifupi: anthu ambiri amaukonda chifukwa ndi khomo losavuta lolowera ku CO2, koma ndi makina a munthu wokonzeka kusintha ndi kukonza zinthu yekha.

A fiber sindinakhalepo nawo. Ndi a munthu amene ntchito yake ndi kuzokota mphete, mipeni, timapuleti ta mayina ndi zina zachitsulo. Pa mtengo sachita bwino, ndiye kwa ine ndi alamu anga nkhani yake inathera pomwepo.

Tibwere ku mawati aja. Nambala yaikulu imene ili pa chithunzi cha malonda nthawi zambiri si mphamvu ya kuwala. Ena amalemba magetsi amene makina onse amadya kuchokera ku soketi, ena amalemba amene kamutu ka laser kamadya, ndipo mphamvu yeniyeni ya kuwala kotuluka imabisika pansi m'timalemba tating'ono. Makina "a 40" amene alamu anga anapeza, titawerenga bwinobwino, kuwala kwake kunali mawati 5. "A 80" aja anali 10. Funani pamene alemba mphamvu ya kuwala kotuluka, ndipo ngati wogulitsa sanailembe paliponse, ameneyo musiyeni. Dziwaninso kuti diode imodzi ya buluu imatulutsa mawati pafupifupi 5, ndiye kamutu ka 10 ndi ma diode awiri ophatikizidwa, ka 20 ndi anayi. Akamachuluka, kadontho ka kuwala nthawi zambiri kamakulako. Podula thabwa lokhuthala zimenezo si vuto, koma amene akufuna kuzokota zithunzi za nkhope zokhala ndi timizere tosalala akhoza kusangalala kwambiri ndi makina a mphamvu yochepa.

Tsopano za utsi, zimene alamu anga sanaziganizireko n'komwe, monganso ine poyamba. M'makanema otsatsa malonda makinawa amakhala pa tebulo loyera m'chipinda chochezera, mwiniwake akumwetulira pambali. Kanema satulutsa fungo. Laser imadula mwa kuwotcha, ndiye chilichonse chimene chachoka pa mzere wodulidwawo chalowa mu mpweya umene mukupuma. Tsiku loyamba ndinadula plywood kwa mphindi 20 zenera lili lotsegula, poganiza kuti zikwanira. Usiku umenewo makatani, zovala ndi tsitsi zonse zinkanunkha, pakhosi pakundikereketa, mwana wanga wamng'ono akutsokomola m'chipinda china. Kutsokomola kwa mwanayo ndi kumene kunandiimitsa. Makina ndinawaphimba nsalu milungu itatu mpaka nditakonza njira ya utsi.

Plywood ndi MDF (thabwa la utuchi wopanikizidwa) si mtengo wokhawokha. Muli guluu, ndipo guluu wambiri wa matabwa oterewa amakhala ndi formaldehyde, mankhwala oipa kuwapuma. Acrylic ali ndi fungo lakelake lakuthwa limene limakakamira m'mphuno. Chikopa chimanunkha ngati tsitsi lopserera. Zonsezi zimafuna zinthu ziwiri: bokosi lotsekera makina kuti utsi usamwazike, ndi fani yokoka utsiwo kupita nawo panja. Ine ndili ndi paipi ya mamilimita 100 m'mimba mwake imene imatulukira pa thabwa lomwe ndinalidula molingana ndi zenera. Ndinaphunzira movutikira kuti paipi iyenera kukhala yaifupi ndi yowongoka, chifukwa kukhota kulikonse kumafooketsa kukoka. Ndinaphunziranso kuti fani ikhale kumapeto, pafupi ndi zenera, osati pafupi ndi makina. Ikakhala kumapeto, paipi yonse imakhala ikukoka, ndiye ngati pena pabooka, mpweya wa m'chipinda umalowa m'paipi. Ikakhala koyambirira, imakankha utsi, ndipo pobooka paliponse utsi umatulukira m'nyumba. Chitseko cha chipinda ndimachisiya chotsegula pang'ono kuti mpweya watsopano uzilowa, apo ayi fani imangolira osakoka kanthu. Ndipo musanaboole chilichonse tulukani panja mukaone kumene paipiyo iloze. Ngati ikuloza pa zenera la anansi anu kapena pa chingwe choyanikapo zovala, mwangosamutsira vuto kwa ena.

Amene alibe zenera loyenera amagula sefa, bokosi lokhala ndi nsanjika zogwira fumbi ndi makala apadera oyamwa fungo. Imagwira ntchito, koma imadzaza ndipo za mkati mwake zimafuna kusintha, makamaka ngati mumadula MDF kawirikawiri. Ndalama imeneyo iwerengereni pamodzi ndi ya makina kuyambira pachiyambi.

Pali zinthu zina zimene ngakhale fani ikhale yamphamvu bwanji siziyenera kulowa m'makina. Choyamba ndi PVC, mtundu wina wa pulasitiki. Ikapsa imatulutsa mpweya wa hydrogen chloride, umene ukakumana ndi chinyezi umasanduka asidi, kaya ndi m'mapapo mwanu kaya ndi pa zitsulo za makina, zimene zimayamba dzimbiri pasanapite nthawi. Vuto n'lakuti PVC sibwera italembedwa dzina pamphumi. Imabisala m'zikopa zambiri zopanga, m'mapepala omata okongoletsera, m'nsalu za zikwangwani, m'malekodi akale a nyimbo. Njira yoyesera ndi yakale, imadziwika ndi dzina la katswiri wa zamankhwala Friedrich Beilstein. Tengani waya wa kopa wopanda chokutira, muutenthetse pa lawi mpaka ufiire, muukhudzitse pa chinthucho kuti kachidutswa kasungunukirepo, kenako muubwezere pa lawi. Lawi likasanduka lobiriwira, muli chlorine, chinthucho chisalowe m'makina. Muziyesera panja. Ine waya wanga amakhala m'kabotolo pambali pa makina ndipo chilichonse chimene sindikudziwa chiyambi chake chimayamba chadutsa pa iye.

Pulasitiki wa polycarbonate amafanana kwambiri ndi acrylic pomuona, koma iye amapsa, kuchita chikasu ndi kufuka m'malo moduka. Pulasitiki wa ABS amasungunuka ndipo utsi wake ndi woipa. Matabwa othiridwa mankhwala oteteza ku chiswe ndi kuwola asiyeni. Pa zikopa, funani chofufutidwa ndi makungwa a mitengo. Zikopa zambiri za nsapato ndi zikwama zimafufutidwa ndi chromium, ndipo utsi wake si woti munthu apume.

Za maso ndimalankhula mwamphamvu, ndipo sindipepesa. Ma laser amaikidwa m'magulu malinga ndi kuopsa kwake, motsatira muyeso wa dziko lonse lapansi wotchedwa IEC 60825-1. Laser yopitirira theka la wati imodzi ili mu Class 4, gulu loopsa koposa. Makina anga a mawati 10 apitirira malire amenewo maulendo 20. Diso limatenga kuwala kwa buluu n'kukuunjika pa kadontho kumbuyo kwake, monga momwe lenzi ya makina imachitira pa thabwa, ndipo kuwonongekako kumachitika musanaphethire. Pamene papsapo sipachira. Sipafunika kuti muyang'ane kamutu mwachindunji: kuwala konjanja pa chitsulo chonyezimira kapena pa sikuluwu n'kokwanira.

Makina anga oyamba anali opanda chotchinga, zitsulo zinayi zolumikizidwa ndi kamutu koyenda pakati. Anabwera ndi magalasi obiriwira opanda chilembo chilichonse. Magalasi enieni oteteza maso amalembedwa mananomita amene amatchinga ndi nambala ya OD. Nambala iliyonse ikukwera imachepetsa kuwala kakhumi, ndiye OD 4 imachepetsa maulendo 10,000. Magalasi a mtundu wina wa laser sakutetezani ku mtundu wina. Koma ngakhale magalasi abwino amateteza munthu mmodzi yekha amene wawavala. Mwana amene watsegula chitseko mwadzidzidzi alibe. Mphaka alibe. N'chifukwa chake alamu anga, amene ali ndi ana atatu, ndinawauza kuti asayang'ane n'komwe makina opanda chotchinga. Afune otsekedwa mbali zonse, a Class 1, gulu losaopsa, amene amazima okha chivindikiro chikatsegulidwa. Bokosi lomwelo ndi limene limagwira utsi, ndiye mwathetsa mavuto awiri pakamodzi.

Moto unandiyakira kamodzi. Ndinkadula katoni yoyeserera kabokosi, wina anagogoda pakhomo, ndinatuluka. Sindikhulupirira kuti panadutsa mphindi ziwiri. Pobwera ndinapeza lawi lotalika ngati mkono likunyambita kamutu ka laser, lamba woyendetsa wayamba kusungunuka. Ndinazimitsa magetsi n'kuphimba ndi bulangete lozimitsira moto. Manja ananjenjemera mpaka usiku. Katoni ili ndi mpweya pakati pa nsanjika zake, ndiye imakoleza moto msanga, ndipo pansi pa sefa yachitsulo yooneka ngati zisa za njuchi imene timayalapo zodula panali tizidutswa touma ta masiku ambiri timene sindinasese. Kuyambira tsiku limenelo makina akamayenda ine ndimakhala pomwepo, maso pa ntchito. Wogogoda amadikira kapena ndimaimitsa kaye makina. Pansi pa sefa ndimasesa tsiku lililonse. Pambali pa chitseko pali chozimitsira moto cha CO2, chifukwa cha ufa chimazimitsa inde koma chimawononga lenzi ndi za magetsi.

Pamenepa nditchule kapampu kopopera mpweya pa kadontho pamene laser ikudula, kamene pa malonda amakatcha air assist. Ena amakagulitsa padera ngati chinthu chongowonjezera. Kwa ine ndi mbali ya makina. Kamazimitsa timalawi tisanakule, kamachotsa utsi panjira ya kuwala kuti kudula kuzame, kamateteza lenzi ku mwaye, ndipo m'mphepete mwa thabwa mumatuluka mofiirira m'malo mwa makala. Kusiyana kwake ndinakuona pa thabwa limodzi lomwelo, theka ndi mpweya, theka popanda.

Pulogalamu ya pa kompyuta ndi imene muzicheza nayo nthawi yaitali kuposa makinawo, choncho ifufuzeni musanagule. Ine ndimajambula mu Inkscape, imene ndi yaulere, ndipo ndimatumiza ku makina ndi LightBurn, imene ndi yogula ndipo imagwira ndi makina a makampani ambiri. Kwa a diode palinso LaserGRBL, yaulere, ya pa Windows. Makina ena, monga a Glowforge, amayendetsedwa kudzera pa intaneti, ndiye pamafunika kulumikizidwa nthawi imene mukugwira ntchito. Ambiri amawakonda chifukwa ndi osavuta kuphunzira. Ine ndimakonda makina amene ndingawalumikize ndi waya ku kompyuta n'kugwira ntchito kaya intaneti ilipo kaya palibe, ndipo ndimafuna kuti mafayilo a zojambula zanga, a mtundu wa SVG, akhale anga, oti ndikasintha makina ndisamuke nawo. Mapulogalamu ambiri amalola kuyesa musanagule chilichonse. Ikani pa kompyuta yanu, jambulani chinthu chimodzi, muone ngati mukumvana nayo.

Za kukula kwa makina n'zachidule. Yezani chinthu chachikulu koposa chimene mukufuna kupanga, ndipo yezani tebulo lanu powerengera paipi yakumbuyo ndi malo otsegulira chivindikiro. Ngati mukufuna kulemba pa makapu, funsani ngati pali chozungulitsira chake komanso ngati kapu ingakwane mkati. Funsaninso ngati lenzi, malamba ndi kagalasi koteteza lenzi zimapezeka padera, chifukwa zimenezi zimatha.

Chimene palibe makina angakuchitireni ndi kudziwa zipangizo zanu. Kabokosi kanga koyamba kanatuluka kogwedera, mano ake osagwirana. Laser imadya kamzere ka thabwa pamene ikudutsa, mamilimita 0.1 kapena 0.2, ndipo kamzere kameneka ukapanda kukawerengera, mbali zonse ziwiri zimachepa. Komanso plywood wolembedwa mamilimita 3 ndikamuyeza ndi caliper, kachipangizo koyezera kukhuthala, ndimapeza 2.7, tsiku lina 3.2. Plywood wina ali ndi guluu wakuda wosalowa madzi amene laser imalimbana naye, wina ali ndi mphako ndi mfundo zobisika mkati, moti mzere umaduka paliponse kupatula malo amodzi. Acrylic nayenso ali pawiri: wothiridwa mu chikombole amazokoteka moyera ngati chifunga, pamene wokankhidwa pa makina amazokoteka mosaoneka bwino, ngakhale amaduka mosalala. Pa chipangizo chilichonse chatsopano ndimayamba ndadula timabwalo toyesera, mzere wina kusintha liwiro, mzere wina kusintha mphamvu, ndipo zotsatira ndimalemba m'kope. Kope limenelo lafika masamba 60. Makina atawonongeka ndikhoza kugula ena, koma kopelo ndimalisunga kutali ndi moto.

Loweruka alamu anga anabwera ndi chikwama cha zinthu zimene akufuna kugwiritsa ntchito, monga ndinawapempha. Tinaziyala pa tebulo. Munali timatabwa topyapyala, timiyala ta slate toikapo makapu, zidutswa zinayi za chikopa, ndi pepala lolimba lopangira makadi. Choonekera munalibe ngakhale chimodzi, chachitsulonso munalibe. Ndinawafunsa kawiri ngati sadzafuna acrylic woonekera, anati ayi, iwo mtima wawo uli pa mtengo ndi chikopa, kulemba mayina ndi timaluwa. Ndiye ndinawauza kuti chubu, madzi ndi timagalasi ta CO2 angazisenze pachabe. Makina a diode otsekedwa mbali zonse, a mawati 10 a kuwala kwenikweni, okhala ndi kapampu ka mpweya, awakwanira zaka zambiri.

Kenako tinatuluka panja ndi waya wa kopa uja. Zidutswa zitatu za chikopa lawi silinasinthe, ngakhale ndinawauza kuti akafunsebe kumene anazigula ngati zinafufutidwa ndi makungwa, popeza waya sanena za chromium. Chachinayi, chofewa bwino chofiirira chimene ankachikonda kwambiri, lawi linachita biriwiri. Anachiyang'ana, n'kuchiika m'thumba lina padera.

"Nanga ndiitanitse liti?" anafunsa akutsanzika.

Ndinawabwereka tepi yanga yoyezera. Chipinda chimene akufuna kuikamo makina chili ndi zenera limodzi, ndipo sakukumbuka ngati limayang'ana kumsewu kapena ku khonde la anansi awo. Anati akayeza Lamlungu ndipo andiimbira.